Mvula ya Pakona, Matope a Patayala

Tayala la galimoto yaliwiro limadziwa kubisa. Ukaliyang'ana utaima chapambali limaoneka latsopano, mizere yake yakuya bwinobwino, moti ukhoza kulumbira kuti lifika chaka chamawa. Koma khotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ugwade, ulowetse dzanja kunsi kwa madigadi n'kusisita m'mphepete mwa tayalalo chakumbali ya injini. Kumeneko kulibe mzere ndi umodzi womwe. Kwasalala, ndipo pena chala chimabaidwa ndi kawaya kotulukira m'mphira. Mwini galimoto akaona zimenezi amayamba kuwerengera mtengo wa matayala anayi, ndipo pagalaja sipalephera kupezeka womutonthoza ndi mawu akale: "Bwana, munafuna galimoto yogwira pakona. Walira mvula walira matope."

Mwambiwu unabadwira kumunda. Mlimi amene wakhala akuyang'ana kumwamba mwezi wonse wa Novembala, mbewu zili m'manja, sangadandaule njira ya kumunda ikayamba kuterera. Akulu ankaunena pofuna kuti munthu alandire chinthu chathunthu, zokoma zake ndi zowawa zomwe, osasankhamo. Ndimaulemekeza mwambi umenewu, ndipo sindidziwa ntchito ina youchitira umboni kuposa yoseta miyendo ya galimoto yaliwiro: masipuling'i, mashoki, ndi kaimidwe ka matayala kamene amakaniko amati alignment. Komanso sindidziwa ntchito ina imene mwambi womwewu wabisamo zolakwa zambiri chotere.

Tiyambe ndi pamene uli woona. Galimoto yonse, injini ikule bwanji, imakhudza msewu pamalo anayi okha, ndipo malo aliwonse kukula kwake ndi ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Mphamvu ya injini, kuluma kwa mabuleki, kukhota, zonse zimadutsa pamenepo. Galimoto ikalowa pakona ndi liwiro, thupi lake limapendekera kunja, kulemera kumasamukira pa matayala awiri a kunjako, ndipo tayala limene linaima chilili limagwadira m'mphepete mwake mwakunja. Mphira wogwira msewu umachepa pa nthawi yomwe ukufunika kwambiri. Mankhwala ake ndi camber: kulipendeketseratu tayala, mutu wake ulowe mkati pang'ono, kuti likamadzakankhidwira kunja pakona lidzagone lonse pansi. Galimoto wamba imakhala ndi digiri imodzi kapena kucheperapo. Ya mpikisano wa pa phula imatha kufika madigiri 3 kutsogolo. Mvula ndi imeneyo. Galimoto imamvera chiwongolero, siikana kona, ndipo amene anayendetsapo yosetedwa bwino amadziwa kukoma kwake.

Matope ake sachedwa. Pamsewu wowongoka tayala lija limatsamira m'mphepete mwamkati, kumeneko n'kumatentha ndi kutha msanga. Ukaponda buleki mwadzidzidzi, mphira wogwira pansi ndi wochepa kuposa wa tayala loima chilili, choncho galimoto imakaimira patali. Ikapeza tinjira timene malole olemera anasiya m'phula imayamba kutilondola yokha, dalaivala n'kumalimbana ndi chiwongolero. Palibe digiri ya camber yaulere.

Amene amadya ndi kugona ndi mwambiwu ndi a mpikisano. Mu Ogasiti 2011, ku Spa-Francorchamps m'dziko la Belgium, a Pirelli, opanga matayala, anali atalangiza matimu a Formula One kuti camber yakutsogolo isapitirire madigiri 4. A Red Bull anapitirira pang'ono pofuna kugwira m'makona aliwiro a bwalo limenelo. Loweruka, atamaliza kulimbirana malo oyambira, matayala awo akutsogolo anali atachita matuza m'mphepete mwamkati. Malamulo ankati ayambe mpikisano ndi matayala omwewo, ndipo akafuna kusintha camber ataye malo awo, akayambire kumagalaja anzawo onse atadutsa. Anakhala pansi, anawerengera, anasankha kusasintha, n'kuitana madalaivala awo msanga kudzaika matayala ena. Dalaivala wawo Sebastian Vettel anapambana, mnzake Mark Webber wachiwiri. Anthu awa matope awo sanawadzidzimutse. Anawayeza kuya kwake, anadziwa kuti tayala likhoza kuphulika paliwiro loopsa, ndipo anawaponda akudziwa.

Masipuling'i nawo ndi chimodzimodzi. Ukawalimbitsa, thupi la galimoto silipendekera kwambiri ndipo imayankha msanga. Koma tayala likagunda kabampu limadumpha, ndipo tayala limene lili m'malere silikhota, siliimitsa. Ukatsitsa galimoto, kulemera kwake kumayandikira pansi, sikusamuka kwambiri pakona. Koma mpata woti tayala likwere ndi kutsika umachepa. Ndiye pali chitsulo chopindika cholumikiza tayala lakumanja ndi lakumanzere, anti-roll bar, chimene amakaniko ambiri amangoti stabilizer. Ukalimbitsa chakutsogolo, mutu wa galimoto umayamba kukana kona, kufuna kupita molunjika, ndiyo understeer. Ukalimbitsa chakumbuyo, mutu umalowa mokondwa koma mchira umafuna kuupitirira; ndiyo oversteer. Chimene wapatsa kutsogolo wachilanda kumbuyo. Mpaka apa mwambi sunaphonye, ndipo wogulitsa zida amene akulonjeza galimoto yofewa, yotsika, yogwira pakona komanso yosadya matayala, zonse pakamodzi, akunama.

Koma mwambiwu umanena za mvula ngati kuti ndi imodzi. Mu 1997 Colin McRae anapambana Safari Rally ku Kenya pa Subaru Impreza yokonzedwa ndi a Prodrive a ku Banbury, ndipo chaka chomwecho anapambananso Tour de Corse, pachilumba cha Corsica, pa galimoto ya mtundu womwewo. Dalaivala mmodzi, dzina la galimoto limodzi, miyendo yosiyana kotheratu. Ya ku Kenya inali yokwezedwa, mashoki ake ataliatali, otha kumeza miyala, makwawa ndi maenje makilomita mazanamazana. Ya ku Corsica, kumene msewu ndi wa phula ndipo kona imalandirana ndi kona inzake m'mbali mwa mapiri, inali yotsika ndi yolimba. Akanasinthanitsa miyendo ya galimoto ziwirizi, ya ku Corsica sikanapirira miyala ya ku Kenya, ndipo ya ku Kenya ikanangoyepayepa pakona iliyonse ya pachilumbapo. Mvula imene wolima mpunga akuivinira, woumba njerwa akuitukwana. N'chifukwa chake mmisiri weniweni, asanagwire sipanala, amafunsa kaye: "Bwana, galimotoyi imayenda kuti? Mumakweza ndani?"

Funso limeneli ndi lathu ndithu, pakuti galimoto zambiri zaliwiro za m'misewu yathu zinayambira moyo ku Japan. Impreza WRX yotsika m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe pena imabwera itavala kale ma coilover, mashoki okhala ndi mazinga okwezera ndi kutsitsira, amene mwini wake woyamba anawaseta poganizira phula losalala lakwawo. Munthu ameneyo analira mvula yake. Wogula kuno walandira matope okhaokha: bampala yokhula hampu ya pamsika uliwonse, rimu yopindika pa dzenje loyamba la mu Januwale, msana wowawa asanafike ku Ntcheu. Kumuuza ameneyu kuti walira mvula n'kumunamizira. Sanalire kanthu, anangogula. Chomwe akufunika ndi kukweza galimotoyo mamilimita angapo, kufewetsa mashoki, ndi alignment yatsopano.

Nanga tayala lodyeka mkati lija? Apa ndi pamene ndimasiyana ndi otonthoza a pagalaja. Camber imaoneka ndi maso, ndiye mlandu umagwera iyo. Koma wakuba wamkulu wa mphira ndi toe, imene diso siliona. Toe ndi kumene matayala akuloza ukawayang'ana kuchokera pamwamba: akayandikizana chakutsogolo ndi toe-in, akatalikirana ndi toe-out. Tayala lopendekeka limagubuduzika ndithu, kungoti latsamira mbali imodzi. Tayala loloza kumbali limakhulidwa pamsewu, chifukwa likufuna kupita kwina pamene galimoto ikulikokera kwina. Tiwerengere. Rimu ya mainchesi 17 ndi mamilimita opitirira pang'ono 430 kuchokera mphepete kufika mphepete. Mphepete yakutsogolo ikapatuka ndi mamilimita 3 poyerekeza ndi yakumbuyo, tayalalo likukokedwa cham'mbali pafupifupi mamita 7 pa kilomita iliyonse. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita oposa 300. Ndiye kuti pa ulendo umodzi lakhulidwa cham'mbali makilomita 2. Toe-out yotere ikakumana ndi camber, kukhulako konse kumagwera m'mphepete mwamkati, ndipo tayala limene likanakhalitsa limatha miyezi yowerengeka.

Alipo amene amaika dala toe-out pang'ono kutsogolo kuti galimoto izilowa msanga pakona, n'kuvomera kuti pamsewu wowongoka izikhala yosakhazikika. Ameneyo wasankha. Koma toe ya ambiri siinasankhidwe, inangosokonekera. Ukatsitsa galimoto, toe imasintha. Ukasuntha bawuti ya camber pa strut yakutsogolo ya Impreza, imasinthanso, n'chifukwa chake imasetedwa pomaliza. Dzenje limodzi lakuya likhoza kupinda tie rod, chitsulo chokhotetsa tayala; mabushi otha amalola tayala kuloza kwina poima, kwina poyenda. Ndipo dzanja limatha kusiyanitsa milandu iwiriyi. Sisitani tayala chopingasa, kuchokera mkati kupita kunja, kenako kubwerera. Ngati ulendo umodzi dzanja likutsetsereka koma pobwerera likukodwa m'timano takuthwa, imeneyo ndi ntchito ya toe. Camber payokha imasiya mphira wotha mosalala, wotsetserekera mkati.

Muyeso wa toe sufuna makina a kompyuta okha ayi. Matimu a mpikisano mpaka lero amagwiritsa ntchito ulusi. Mmisiri amayamba ndi kugwedeza tayala lililonse, kufufuza ball joint yotha ndi bushi yong'ambika, pakuti kuseta miyendo yogwedera n'kutaya tsiku. Galimoto imaimikidwa pasimenti yosapendekera, matayala atapopedwa bwino, mafuta ali theka, ndipo pampando wa dalaivala pamakhala mwini wake kapena katundu wolemera ngati iye, chifukwa galimoto yopanda munthu imaima mosiyana ndi yonyamula munthu. Ulusi wa nayiloni umamangidwa mbali zonse ziwiri, pamsinkhu wa pakati pa rimu, n'kukokedwa mpaka utalimba gwa. Nthawi yaitali imathera pa ulusiwo, kuonetsetsa kuti mizere iwiriyo yatalikirana mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndiponso kuti galimoto ili pakatikati. Kenako mmisiri amagwada ndi rula yachitsulo, kuigunditsa m'mphepete mwa rimu chakutsogolo, kutsinzina diso limodzi, kuwerenga, chakumbuyo, kuwerenganso. Amayamba ndi matayala akumbuyo, popeza ndi amene amalamula kumene galimoto yonse ikuloza. Akapatuka amenewo, imayenda chopingasa ngakhale kutsogolo kuli bwino. Akafika kutsogolo amamasula nati ya tie rod, kupotokola pang'ono zedi, kenako onse amakankha galimoto kumbuyo ndi kutsogolo kuti mphira umasuke, n'kuyambiranso kuyeza. Nambala iliyonse imalembedwa m'kope. Wophunzira ntchito akafulumira kumanga nati amamva mawu kumbuyo kwake:

"Iwe, wayeza kangati?"

"Kamodzi, madala."

"Yezanso."

Ntchito imeneyi imadya masana onse, ndipo ndi yomwe imadumphidwa mwambi ukatulutsidwa msanga. Ichi n'chimene chimandiwawa. Mawu amene makolo anatisiyira kuti atiphunzitse kupirira asanduka chofunda cha ulesi. Mwini galimoto amachoka atakhulupirira kuti matayala ndiwo msonkho wa liwiro, amagula ena, nawonso amatha chimodzimodzi, pamene vuto lonse linali mamilimita atatu ndi nati imodzi. Matope amenewo sanabwere ndi mvula. Mwambi sutiuza m'mene tingasiyanitsire matope ochokera kumwamba ndi ochokera ku paipi yophulika; rula ndi imene imatiuza.

Ilipo ngakhale mvula yopanda matope n'komwe. Galimoto ya ma coilover imatha kuimikidwa pa masikelo anayi, tayala lililonse sikelo yake. Ukakweza ngodya imodzi, kulemera kumawonjezeka pa tayala limenelo ndi pa linzake la pangodya yopingasana nalo. Mmisiri amazungulira, kukweza apa, kutsitsa apo, mpaka mapeya awiri opingasanawo atasenza mofanana. Zikatero galimoto imakhotera kumanja monga momwe imakhotera kumanzere. Tayala silinadyeke, msana sunapweteke. Chimene chaperekedwa ndi kuleza mtima kwa munthu basi.

Ndiye palinso amene amalandira matope onse, mvula osaiona. Mnyamata amadula masipuling'i kuti galimoto yake igone pansi. Sindimunyoza, kukonda galimoto yokongola si mlandu, ndipo zida zenizeni n'zodula. Koma sipuling'i yodulidwa imalimba, pamene mashoki ndi omwe aja, opangidwira yaitali ndi yofewa. Mpata woyendamo wachepa, ndiye pa bampu iliyonse galimoto imakagunda pa timphira tomalizira, ma bump stop, ndipo pamenepo imakhala ngati ilibenso sipuling'i. Pa galimoto za MacPherson strut, monga Impreza kutsogolo kwake, pali malire ena obisika. Mkono wam'munsi wogwira tayala umafunika kukhala wogona, kapena wotsikira pang'ono chakutayala. Ukatsitsa mopitirira, mkonowo umaloza m'mwamba. Galimoto imayamba kufuna kupendekera kuposa kale, camber imathawa mkati mwa kona, ndipo tie rod, poti nayo yapendekeka, imakhotetsa tayala yokha likakwera bampu. Dzina lake ndi bump steer. Mwini wake amamva kuuma, mano akugundana, n'kumati kugwira ndi kumeneku. Kuuma ndi kwina, kugwira ndi kwina.

Umboni uli pabwalo la mpikisano pomwe. Pansi pakanyowa, mainjiniya amafewetsa anti-roll bar ndi mashoki, amachepetsa camber, pena kukweza galimoto pang'ono, chifukwa poterera tayala limafuna kusenzetsedwa katundu mwapang'onopang'ono. Pouma naponso sakhulupirira maso. Galimoto ikangotuluka m'bwalo amabaya tayala ndi kachida koyezera kutentha malo atatu: mkati, pakati, kunja. Kunja kukatentha kuposa mkati, camber yachepa. Mkati mukapsa mopitirira, yachuluka. Pakati pakaposa mbali zonse ziwiri, mpweya wachuluka. Mlimi sangauze mitambo kuti igwetse mamilimita angati. Woseta galimoto angathe, ndipo amasintha chinthu chimodzi, kuyesa, kulemba, asanakhudze china, kuti adziwe chabweretsa ichi n'chiti. Apa mwambi waperewera. Umadziwa kulandira, kuyeza sukudziwa.

Mlimi wanzeru nayenso sangopirira matope, amakumba ngalande. Mbiri ya miyendo ya galimoto yadzaza ndi ngalande zotere. Yosavuta kwambiri ndi caster, kupendekera kumbuyo kwa mzere umene tayala limazungulirapo pokhota. Caster ikawonjezeka, tayala lakunja limadzipezera camber chiwongolero chikakhotetsedwa, n'kuibweza chikawongoka. Mtengo wake unali chiwongolero cholemera, ndipo power steering inauchepetsa mtengowo. Mu 1987 Ayrton Senna anapambana ku Monaco ndi ku Detroit pa Lotus imene miyendo yake inkalamulidwa ndi kompyuta ndi mafuta opanikizidwa, ndipo mu 1992 Nigel Mansell anapambana mipikisano 9 mwa 16 pa Williams ya luso ngati lomwelo. Mu 2002 Cadillac Seville STS inabwera ndi mashoki a MagneRide, okhala ndi mafuta osakaniza ndi tizitsulo ting'onoting'ono, amene amalimba kapena kufewa m'kuphethira kwa diso malinga ndi mphamvu ya maginito. Ndipo mu Febuluwale 2020, poyesera galimoto ku Barcelona, anthu anaona Lewis Hamilton akukokera chiwongolero cha Mercedes kuchifuwa pamsewu wowongoka, n'kuchikankha asanafike pakona. Ankasintha toe yakutsogolo galimoto ili paliwiro.

Sindinganene kuti mwambi wagonja pamenepa. Miyendo yolamulidwa ndi kompyuta inaletsedwa mu Formula One kuyambira 1994, luso la Mercedes lija kuyambira 2021, ndipo amene shoki yake ya maginito yayamba kudontha amadziwa kuti matope ena anangosamukira m'thumba. Komabe achepa, ndipo amene anawachepetsa ndi anthu okana kunena kuti ndi mmene zilili.

Funso limene mwambi suligwira n'komwe ndi lakuti matopewo akugwera ndani. M'mwambi, wolira ndi woterereka ndi munthu mmodzi. Mu 2022 malamulo atsopano a Formula One anachititsa kuti mphamvu yambiri yokanikizira galimoto pansi izichokera kumimba kwake, ndiye matimu anazitsitsa ndi kuzilimbitsa kwambiri. Zinayamba kunjanja paliwiro lalikulu. Ku Baku, mu Juni chaka chimenecho, Hamilton anatuluka m'galimoto movutikira, atagwira msana. Liwiro linapemphedwa ndi timu yonse. Msana unali wa munthu mmodzi. Bungwe la FIA, loyendetsa mpikisanowu, linalowererapo, ndipo pofika chaka chotsatira m'mphepete mwa mimba za galimotozo munakwezedwa ndi mamilimita 15.

Komatu Hamilton anali ndi chipewa cholimba, malamba, madokotala pafupi, ndipo analowa yekha m'galimotomo. Pamsewu wa anthu onse nkhani ndi ina. Taganizirani galimoto yosetedwa kuti mchira uzizungulira msanga: anti-roll bar yakumbuyo yolimba, toe yakumbuyo yotuluka pang'ono m'malo molowa. Pabwalo, m'manja mwa wodziwa, imeneyo ndi mvula yabwino. Potsika phiri la Chiweta, kapena m'makona a msewu wotsikira ku Golomoti, dalaivala akadzidzimuka ndi mbuzi n'kusiya kuponda moto ali mkati mwa kona, kulemera kumathamangira kutsogolo, matayala akumbuyo amapepuka, mchira n'kupita. Kumene ukupitako kuli wakabaza ndi mayi amene wawakweza, kuli ana ochokera kusukulu. Iwowa sanalire mvula iliyonse. N'chifukwa chake opanga galimoto amaziseta kuti zikafika pamalire ziyambe ndi understeer: munthu akachita mantha amachotsa phazi, ndipo kuchotsa phazi kumachiza understeer koma kumadzutsa oversteer. Okonda liwiro amadandaula kuti mafakitale amachita mantha kwambiri. Pa nkhani iyi ine ndili kumbali ya mafakitale, ndipo mmisiri amene amakana kuika toe-out kumbuyo kwa galimoto yoyenda mumsewu, kasitomala akwiye bwanji, ndimamuvulira chipewa.

Womaliza kulandira matope ndi amene adzagule galimotoyo. Ma coilover, mabawuti a camber ndi anti-roll bar yolimba zimapita naye limodzi ndi makiyi, iye osadziwa kuti mwini woyamba ankapempha chiyani. Pepala limene makina a alignment amatulutsa, kapena tsamba la m'kope la mmisiri, lili ndi manambala ochepa chabe: camber, caster ndi toe, msinkhu wa galimoto pangodya zinayi, ndi tsiku. Wogulitsa apereke pepalalo m'manja mwa wogula pamodzi ndi blue book, amuuze zimene anasintha ndi chifukwa chake. Ngati masipuling'i ndi mashoki a kufakitale anawasunga, awaike m'buti.